ZIPEWA ZA NTHENGA NDI MBIRI YACE M'DZIKO LA ZAMBIA

Pa zobvala zonse za munthu, cobvala ca kumutu ndico cioneka msanga, ndipo cifukwa ca ici mitundu yambiri ya anthu inacisankha kuti cizisonyeza udindo wa mwini wace. Malaya ndi nsapato munthu aliyense angathe kugula ngati ali ndi ndalama, koma masiku akale kunali zipewa zina zimene munthu sanathe kubvala ngakhale anali wolemera, koma pokhapo atapatsidwa cilolezo. Kawirikawiri zipewa zotere zinali za nthenga za mbalame. M'dziko la Zambia zipewa za nthenga zochuka zinali zitatu: ca Bwanamkubwa wa Angelezi, amene anali kukhala mu Lusaka, ca Litunga wa Alozi, ndi zisoti za ankhondo a Cingoni. Coyambaco cinatha, koma zinazo zikali kubvalidwa kufikira lero lino, ngakhale kuti pa nthawi ina coyambaco ndico cinali ndi mphamvu koposa zinzace. Nkhani ino ifotokoza kumene zipewazi zinacokera, ndi cifukwa cace cina cinafa pamene zina zinakhala ndi moyo.

KUMENE MWAMBO WA AZUNGU UNAYAMBIRA

Ku Ulaya, pakati pa zaka za 1400 ndi 1600, kunali nyengo imene ophunzira aicha Renaissance, ndiko kunena kubadwanso, popeza anthu anayambanso kukonda maphunziro, zojambula ndi mamangidwe a Agriki ndi Aroma akale. Nyengoyi inayambira ku Italy, m'mizinda ya amalonda monga Florence ndi Venice, nifalikira ku France, ku Germany ndi ku Mangalande. Cuma citaculuka, anthu olemera anayamba kupikisana pa kabvalidwe. Amuna anakonda cipewa cacifupi cozungulira, cosokedwa ndi nsalu yofewa yochedwa veleveti, cokhala ndi mlomo waung'ono, ndipo anali kucibvala copendeka pang'ono, nasomekapo nthenga.

Wofuna kuona maonekedwe a cipewa cimeneci ayang'ane zithunzi za Mfumu Henry VIII, amene analamulira Mangalande kuyambira 1509 kufikira 1547. Mmisiri wa ku Germany, dzina lace Hans Holbein, anamjambula atabvala cipewa cakuda cokongoletsedwa ndi miyala ya mtengo wapatali, ndi nthenga yoyera ya nthiwatiwa yogona m'mphepete mwace. Nawonso asilikali a ganyu a ku Germany ndi ku Switzerland, amene anali kumenya nkhondo za mfumu iliyonse yowalipira, anali kuunjika nthenga zambirimbiri pa zipewa zao kuti aoneke atali ndi oopsa.

Koma nthenga sinali ya kukongola kokha. Pa nkhondo za masiku amenewo utsi wa onga unali kuphimba bwalo lonse, ndipo msilikali anafunika cizindikiro comdziwitsa kumene kunali mtsogoleri wace. Pa nkhondo ya ku Ivry m'caka ca 1590, Mfumu Henry IV ya ku France inauza ankhondo ace kuti mbendera zikawasokonekera atsate nthenga yoyera ya pa cisoti cace. Mfumu yonena cotere inadziika yokha pa ngozi, pakuti nthenga imene abwenzi aiona, adani aionanso. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anthu wamba analibe ufulu wa kubvala monga anafunira. Ku Mangalande m'caka ca 1571 kunaikidwa lamulo lakuti amuna wamba onse opitirira zaka 6 azibvala cisoti ca ubweya wa nkhosa cosokedwa m'dzikomo pa Sabata ndi pa masiku a zikondwerero, ndipo wosamvera anali kulipira. Akuluakulu a dziko lamuloli silinawakhudze. Linapangidwa kuti lithandize amisiri osoka zisoti, komanso linacititsa kuti munthu poyang'ana mitu ya anthu m'chalichi adziwe msanga olemekezeka ndi anthu wamba.

Cinthu cimodzi cimene mabuku a sukulu saculukitsa kunena ndi cakuti nthenga zambiri za nthiwatiwa zinali kucokera muno mu Africa. Alenje anali kupha mbalamezi m'maiko ozungulira cipululu ca Sahara, amalonda nanyamula nthengazo pa ngamila kufikira ku madoko a kumpoto, kumene zombo zinazitenga kunka nazo ku Italy ndi kwina. Motero ulemerero wa pamutu pa mafumu a ku Ulaya unali wozulidwa ku mapiko ndi ku mcira wa mbalame ya mu Africa.

M'kupita kwa zaka cipewaco cinasintha. M'zaka za m'ma 1600 cinakhala ca mlomo waukulu ndi nthenga yaitali yolendewera kumbuyo. Mlomowo unali kusokoneza asilikali ponyamula mfuti, tsono anayamba kuupinda, coyamba mbali zitatu, pambuyo pace mbali ziwiri, kufikira cipewa cinaoneka monga bwato lobvundikira. Ici ndico cipewa cimene Napoleon anabvala copingasa, ndipo akazembe a nkhondo ndi nduna za Mfumu ya Mangalande anacibvala cosongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu wamba atacileka kale, ico cinatsala m'Boma monga cobvala ca pa mwambo, ndipo mwa njira imeneyi cinaoloka nyanja nicifika ku Zambezi.

CIPEWA CA BWANAMKUBWA MU LUSAKA

Kufikira caka ca 1924 dziko la Northern Rhodesia linali m'manja mwa British South Africa Company. M'caka cimeneco Boma la ku London linalitenga, niliika Sir Herbert Stanley akhale Bwanamkubwa woyamba, ndipo likulu linali ku Livingstone. Lusaka panthawiyo anali kamzinda ka alimi ndi amalonda kamene kanamera pa steshoni ya njanji ya m'caka ca 1905. Popeza Livingstone anali kutali ndi pakati pa dziko, ndiponso kotentha, Boma linasankha Lusaka, ndipo likulu linasamukira kumeneko m'caka ca 1935, pa nthawi ya Sir Hubert Young. Nyumba ya Bwanamkubwa inamangidwa pa mtunda wa kum'mawa kwa njanji, kumene lero kuli State House, ndipo m'mbali mwace munadzamera Woodlands ndi Kabulonga, midzi ya Azungu ya mabwalo akulu ndi mitengo ya maluwa.

Bwanamkubwa anali ndi zobvala ziwiri za mwambo. Cina cinali cakuda cobiriwira, ca mabatani ndi zokongoletsa zonyezimira, pamodzi ndi cipewa cija conga bwato. Cinzace cinali coyera, ca maiko otentha, pamodzi ndi cisoti colimba coteteza dzuwa. Pamwamba pace panali mtolo wa nthenga zoyera za mbalame ya m'madzi yonga tsekwe, imene Angelezi aicha swan, ndi nthenga zina zofiira kunsi kwace. Sanali kubvala cotere masiku onse, koma potsegula Bwalo la Malamulo, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumu ya Mangalande, pa tsiku lokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, ndi pa misonkhano yaikulu ya mafumu a dziko. Nthengazo zinali kunena kuti munthu uyu saimira yekha, koma aimira Mfumu ya kutsidya kwa nyanja.

Pamtunda wocepa kucokera ku nyumba imeneyi panali Kabwata, kumene Boma linamanga tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, tofoleredwa ndi udzu, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Munali kugona anchito amene anamanga misewu ndi maofesi a likulu latsopano, ndi amene anali kuphika ndi kucapa m'nyumba za Azungu. Kwa anthu awa cipewa cinali ndi phunziro lina. Mnyamata wobwera ku migodi kapena ku Harare wakale, amene anali kuchedwa Salisbury, anali kugula cipewa ndi ndalama za thukuta lace kuti aoneke munthu, koma pofika pa Boma kapena pokomana ndi Mzungu wa udindo anayenera kucibvula, ndipo wocedwa kutero anali kudzudzulidwa pamaso pa anzace, ngakhale anali mkulu wa imvi. M'masitolo ambiri a mu Cairo Road sanali kuloledwa kulowa pakhomo, koma anali kugulira pa zenera la kumbali. Cotero m'mzinda umodzi munali munthu mmodzi amene cipewa cace cinali kucitiridwa sawasha ndi asilikali, ndi anthu zikwi amene zipewa zao zinali kukhalira m'manja. Zinthu zazing'ono zotere zinawawa mitima koposa misonkho, ndipo zinathandiza kudzaza misonkhano ya African National Congress ya Harry Nkumbula, ndi pambuyo pace ya UNIP ya Kenneth Kaunda, amene anakhala m'nyumba nambala 394 ku Chilenje kuyambira 1960 kufikira 1962.

Bwanamkubwa wotsiriza anali Sir Evelyn Hone, amene anayamba nchito m'caka ca 1959. Pa 24 October 1964 dziko linalandira ufulu, ndipo udindo wa Bwanamkubwa unatha pamodzi ndi cipewa cace. Kaunda polowa m'nyumba ija sanatenge nthengazo, ndipo anthu anamdziwa ndi kansalu koyera ka m'manja. Cipewa cimene cinalamulira dziko zaka 40 cinazimirira popanda wocilira, pakuti mlendo ndi mame. Ngakhale Angelezi eni ace anayamba kucita naco manyazi: m'caka ca 1992 Chris Patten, popita kukakhala Bwanamkubwa wotsiriza wa Hong Kong, anakana kucibvala.

CIPEWA CA LITUNGA

Cipewa caciwiri cinacokera ku Mangalande komweko, koma mbiri yace inayenda njira yina. M'caka ca 1902 Lewanika, Litunga wa Alozi, anapita ku London kukaonerera kulongedwa ufumu kwa Edward VII. Anabwerako ndi cobvala ca mwambo cakuda, cokongoletsedwa ndi ulusi wa golidi, pamodzi ndi lupanga ndi cipewa ca nthenga zoyera. Anthu ambiri acicha cobvala ca mkulu wa zombo za nkhondo. Lewanika anamwalira m'caka ca 1916, koma olowa m'malo mwace anasunga mwambo wa kubvala cotere.

Pa mwambo wa Kuomboka, madzi a Zambezi akasefukira m'cigwa, Litunga acoka ku Lealui kunka ku Limulunga kumtunda m'bwato lalikulu lochedwa Nalikwanda, limene pamwamba pace pali cifanizo ca njobvu. Polowa m'bwato abvala zobvala za makolo ace, koma potuluka ku Limulunga madzulo aoneka m'cobvala cija ca ku London ndi cipewa cace ca nthenga, ng'oma zikulira, namtindi wa anthu ukupfuula. Opalasa bwato nawo abvala tizisoti tofiira kumutu ndi zikopa m'cuuno.

Alendo ena adabwa kuona mfumu ya mu Africa ikusunga cobvala ca atsamunda pamene atsamundawo anapita kale. Koma Alozi saciona monga cizindikiro ca ukapolo. Kwa iwo cikumbutsa kuti mfumu yao inakomana ndi Mfumu ya Mangalande monga mfumu inzace, ndi kuti dziko lao linalowa m'citetezo mwa mapangano, osati mwa kugonjetsedwa pa nkhondo. Cipewa ca Bwanamkubwa ndi ca Litunga zinali zofanana m'kasokedwe, koma cina anthu anacipatsa ulemu cifukwa ca lamulo, cinzace anacilandira nacilowetsa m'mwambo wao, nicikhala cao.

NTHENGA ZA ANGONI NDI ZA MITUNDU YINA

Asanafike Azungu, anthu a muno anali nao kale malamulo ao a nthenga. Angoni anacokera kumwera, ku dziko la Azulu, kuthawa nkhondo za Shaka, ndipo motsogozedwa ndi Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Kumwerako gulu lililonse la ankhondo linali ndi zishango ndi nthenga zacezace, ndipo mfumu ndiyo inali kulamula za izo. Anyamata osakwatira anali kubvala nthenga zakuda zambiri, koma nthenga yaitali ya mbalame yochedwa indwa inali ya mfumu ndi ya amuna akulu amene analoledwa kukwatira ndi kubvala mkombero wa pamutu. Mnyamata wodzisomeka yekha nthenga yotere anali kupalamula mlandu waukulu. Angoni anadza nao mwambo umenewu, ndipo pofika m'dziko latsopano anagwiritsa nchito zimene anapeza: nthenga za tambala, ubweya wa pakhosi pa mbidzi ndi zikopa za nyalugwe.

Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anakhazikika pafupi ndi pamene lero pali Chipata. Mu January 1898 asilikali a Angelezi ocokera ku Nyasaland anamthira nkhondo ndi mfuti zazikulu. Angoni anagonja, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anawomberedwa. Kuyambira pamenepo mwambo wa N'cwala, wa kulawa zakudya zoyamba za m'munda, unaletsedwa, ndipo sunacitike poyera kufikira caka ca 1980. Zaka 82 ndi nthawi yaitali, yokwanira kuti mwambo uiwalike. Koma madoda anasunga zishango ndi zisoti m'nyumba zao, nazitulutsa pobvina ngoma pa maliro ndi pa zikondwerero za m'mudzi, ndipo ana anaphunzira kwa makolo. Lero, ca kumapeto kwa February caka ciliconse, Angoni okhala mu Lusaka akwera mabasi, napyola Chelstone pa mseu wa Great East Road, nayenda makilomita oposa 500 kuti akaime pa bwalo la Mtenguleni atabvala nthenga zimene mfuti zinalephera kuzithetsa.

Mitundu yina inali nazonso nthenga zace zaulemu. Victor Turner, wa ku Rhodes-Livingstone Institute, amene anakhala pakati pa Andembu a ku Mwinilunga m'zaka zoyamba za m'ma 1950, analemba kuti nthenga yofiira ya mbalame imene iwo aicha nduwa inali kubvalidwa ndi munthu amene anakhetsa mwazi, monga wopha mkango kapena wopha mdani, ndiponso ndi namkungwi wodula anyamata ku cinamwali. Nthenga yotere inali kucenjeza anthu kuti mwini wace anakhudza zinthu zoopsa. Pakati pa Acewa, zilombo zina za Gule Wamkulu, monga Kapoli, zituluka ndi mitu yodzala nthenga, ndipo za izo eni dambwe ndiwo adziwa. Gule ameneyu amishoni ndi Boma anayesa kumletsa, koma m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linamlemba pakati pa cuma ca miyambo ya anthu a dziko lonse lapansi.

ZIMENE MBALAME ZINALIPIRA

Pa nkhani yonseyi mbalame ndizo zinalipira mtengo. M'zaka za m'ma 1800 akazi a ku Ulaya ndi ku America analanda mwambo wa nthenga kwa amuna, ndipo mbalame zosawerengeka zinaphedwa cifukwa ca zipewa. M'caka ca 1889 mai wina wa ku Manchester, Emily Williamson, anayambitsa gulu lotsutsa malondawa, limene linadzakhala Royal Society for the Protection of Birds, ndipo m'caka ca 1921 Mangalande anaika lamulo loletsa kulowetsa nthenga za mbalame zambiri za m'chire. Ku South Africa alimi a ku Oudtshoorn anaphunzira kuweta nthiwatiwa ndi kuzimeta nthenga osazipha, nalemera kwambiri, kufikira nthenga zinatsatana ndi golidi, daimondi ndi ubweya wa nkhosa pa malonda a dzikolo. Koma m'caka ca 1914 nkhondo inayamba, ndipo akazi okwera galimoto zopanda denga sanafunenso zipewa zouluka ndi mphepo. Malonda anagwa mwadzidzidzi, ndipo ambiri amene anamanga nyumba zazikulu ndi ndalama za nthenga anasauka.

ZIPEWA ZA NTHENGA MASIKU ANO

Mu Lusaka wa lero nthenga zioneka makamaka pa magule ndi pa masewero. Tinyumba tambiri ta ku Kabwata tinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanjikiza, koma 43 tinasungidwa, ndipo m'caka ca 1974 malowo anakhala Kabwata Cultural Village, kumene amisiri asema ndi kugulitsa zinthu zao, ndipo magulu a magule abvina. Pamalo pamene anchito anali kubvula zipewa, adzukulu ao abvina ndi nthenga kumutu. Naconso cipewa cozungulira ca masiku a Henry VIII sicinafe konse, pakuti cipewa cofewa ca veleveti cimene madokotala a maphunziro abvala pa tsiku lopereka madigiri ndi mdzukulu wace, kungoti nthenga inacokapo ndipo m'malo mwace muli cingwe.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amene akonza masewero a mbiri yakale, kaya ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Woodlands, acita bwino kusamala zinthu zitatu. Coyamba, cipewa cigwirizane ndi nyengo yace: mfumu ya m'zaka za 1500 ibvale cipewa cacifupi cozungulira ca nthenga yogona, msilikali wa m'zaka za 1600 abvale ca mlomo waukulu, ndipo Bwanamkubwa abvale conga bwato kapena cisoti coyera. Zonsezi zingapangidwe ndi katoni ndi nsalu zakale. Caciwiri, nthenga za nkhuku, za nkhanga zoweta ndi za bakha zikwanira, ndipo zoyera zilandira utoto bwino, kotero palibe cifukwa cophera mbalame za m'chire. Cacitatu, ndico cacikulu, asiyanitse cobvala cimene mwini wace anapita ndi cobvala cimene eni ace alipo. Cipewa ca Bwanamkubwa munthu aliyense angathe kusewera naco, pakuti palibe amene cimlemera tsopano. Koma cisoti ca Cingoni, cobvala ca Litunga ndi mutu wa cilombo ca Gule zili ndi eni ace, ndipo wofuna kuzionetsa pa sewero ayambe wafunsa akulu a mtunduwo.

Mbiri ya zipewa izi iphunzitsa kuti nthenga payokha ilibe ulemu. Ulemu ucokera kwa anthu amene aibvomereza, ndipo iwo akaleka kuibvomereza itsala nthenga cabe, yonga imene nkhuku itaya pabwalo. Ca Bwanamkubwa cinali ndi asilikali ndi malamulo kumbuyo kwace, koma sicinapyole zaka 40. Ca Angoni cinaletsedwa zaka 82, koma cinabwerera cifukwa cinali m'mitima ya eni ace. Ndipo pamene dziko latsopano linafuna cizindikiro cace m'caka ca 1964, silinasomeke nthenga pamutu pa munthu mmodzi, koma linaika nkhwazi yathunthu pa mbendera, kuti ikhale ya anthu onse a m'dzikomo.